Kuwotcha, kuphika ndi nthunzi kapena kukwirira: zinyalala za m'zipatala za ku Lilongwe zipite kuti?

Chipatala chilichonse mu Lilongwe, kaya ndi Kamuzu Central, kaya Bwaila, kaya kachipatala kolipira ka zipinda zitatu ku Area 23, chimatulutsa zinyalala tsiku ndi tsiku: masingano, thonje la magazi, magolovesi, mapaipi a dilipi, nsengwa za amayi obereka, mankhwala otha mphamvu, komanso mapepala ndi zotsala za chakudya. Nkhaniyi ikafika pamsonkhano wa komiti, anthu amathamangira kufunsa kuti tigule makina anji. Ine muyeso wanga ndi uwu: njira yabwino ndi imene idzagwirabe ntchito tsiku limene magetsi athima, dizilo wasowa pamapampu, ndipo munthu amene adaphunzitsidwa kuyendetsa makinawo wasamutsidwira ku Dedza.

Choyamba, n'zochuluka bwanji?

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati pa zinyalala zonse za chipatala, pafupifupi 85 peresenti n'zofanana ndi za pakhomo, ndipo 15 peresenti yokha ndiyo yoopsa. Limatinso m'maiko osauka bedi limodzi limatulutsa pafupifupi makilogalamu 0.2 a zinyalala zoopsa patsiku, pamene m'maiko olemera zimafika 0.5. Tiyerekeze chipatala cha mabedi 200. Zoopsa zake zikhala makilogalamu 40 patsiku, ndipo zinyalala zonse pamodzi zikhala pafupifupi makilogalamu 270. Pagona nkhani ndi apa. Ngati m'mawodi sasiyanitsa, makilogalamu 270 onsewo asanduka oopsa, chifukwa khoko la nthochi likagona m'jumbo limodzi ndi thonje la magazi palibe angapisemo dzanja kulitulutsa. Chipatala chimodzimodzicho chingafune makina a makilogalamu 40 kapena a 270, ndipo zimenezi zimagamulidwa pa bini ya pafupi ndi bedi, osati ku ofesi yogula katundu.

Masamu owerengera mabedi kwathu kuno amapereka chithunzi choperewera. Odwala nthawi zambiri amaposa mabedi. Wodwala aliyense ali ndi womudikirira, mwina awiri, amene amaphika, kudya nzimbe, kugula zinthu m'majumbo, ndipo bini imene ili pafupi ndi imene amaponyamo, kaya ndi yakuda kaya yachikasu. Zipatala zazing'ono monga cha ku Kawale kapena Area 18 mabedi ndi ochepa koma anthu olandira thandizo n'kubwerera kwawo ndi chinamtindi, choncho kumeneko muyenera kuwerengera pa munthu aliyense wobwera, pa jakisoni aliyense ndi pa mayi aliyense wobereka. Nyengo nayonso imasintha zinthu: m'dzinja malungo akachuluka, tizipangizo toyezera magazi ndi mapaipi a dilipi zimachuluka nawo.

Kenako pali zogwa mwadzidzidzi. Kolera amene adayamba mu Malichi 2022 n'kupitirira mpaka 2023 adapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo misasa yothandizira odwala inkatulutsa mabotolo a dilipi ndi zofunda zoipitsidwa zimene palibe adaziwerengera pogula makina. Katemera wa typhoid wa mu Meyi 2023 adabaya ana mamiliyoni m'masiku ochepa, singano imodzi mwana mmodzi. Pa COVID-19, WHO idanena mu Febuluwale 2022 kuti katemera 8 biliyoni amene adali ataperekedwa padziko lonse adabweretsa matani 144,000 a masirinji, masingano ndi mabokosi.

Akatswiri a m'mayunivesite amapanga masamu a pakompyuta olosera zinyalala: amaikamo mabedi, odwala ogona, obwera n'kubwerera, maopaleshoni, ana obadwa, kenako kompyuta imanena makilogalamu a chaka chamawa. Kwa amene akukonza dongosolo la boma lonse la Lilongwe, kuti galimoto zikhale zingati ndipo zizidutsa kuti, masamuwa ndi othandiza. Koma manambala ake akachokera ku chipatala cha ku India kapena ku Turkey, kompyuta ikuuzani za ku India. Sikelo yopachika, kope ndi bolopeni, kuyeza jumbo lililonse wodi ndi wodi kwa masiku asanu ndi awiri otsatizana, kamodzi m'dzinja kamodzi m'chilimwe, zimapereka manambala amene mungagulire makina mopanda mantha. Muyeze mosiyanitsa: jumbo lakuda la zinyalala wamba, lachikasu la zopatsa matenda, lofiira la zoopsa kwambiri, ndi bokosi la katoni la malita 5 la masingano, lija limayenera kutsekedwa likadzaza magawo atatu mwa anayi.

Kuwotcha pamtetete kapena mumgolo

Iyi sindikhalitsapo. Moto wa m'dzenje sutentha mokwanira, masingano amatsala osapsa, mvula ikagwa zonse zimasanduka matope, ndipo utsi wake umapita kwa oyandikana nawo. Ubwino wake ndi umodzi basi, sikulira ndalama lero.

Ng'anjo ya njerwa

Iyi ndi imene mungaipeze kuseri kwa zipatala zambiri zazing'ono. Mtundu wodziwika kwambiri umatchedwa De Montfort, potengera dzina la yunivesite ya De Montfort ya mumzinda wa Leicester ku England kumene Pulofesa Jim Picken adaupanga kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, kuti amisiri a m'maiko osauka athe kumanga okha ndi njerwa zopirira moto ndi zitsulo. Ili ndi zipinda ziwiri: m'chipinda choyamba mumapsa zinyalala, m'chachiwiri mumapsa utsi usanakwere m'chumuni. Sifuna magetsi, ndipo pa muyeso wanga uja pamenepa yapambana kale.

Vuto lake lili pa kutentha. WHO imati ng'anjo yowotcha zinyalala za chipatala mosaipitsa mpweya iyenera kufika madigiri 850 mpaka 1,100. Ya njerwa imayandikirako pokhapokha ngati woiyendetsa wayamba waitenthetsa ndi nkhuni zouma, n'kumaika zinyalala pang'onopang'ono, zouma zosakaniza ndi mabokosi a masingano. Mukaithira zonyowa zokhazokha zimakhala ngati kusonkhezera nkhuni zaziwisi: utsi tolo, moto palibe. Ndipo utsi wakuda wa chipatala si utsi wamba. Mapaipi a dilipi ndi matumba a magazi ambiri amapangidwa ndi pulasitiki ya PVC, imene ikapsa pamoto wofooka imatulutsa poizoni wotchedwa dioxin ndi furan. Poizoniyu sawola msanga. Amagwera panthaka, nkhuku zotola pafupi ndi phulusa zimamutengera m'mazira, amakhazikika m'mafuta a m'thupi, ndipo amafika mpaka mumkaka wa m'mawere. N'chifukwa chake pangano la maiko lothana ndi poizoni wosawola msanga la Stockholm la 2001, limene Malawi adalowamo, limatchula ng'anjo za zipatala m'gulu la magwero a poizoniyu, ndipo WHO imaona ng'anjo zazing'onozi ngati njira yongoyembekezera, osati yokhalitsa.

Chinanso, ng'anjo ya njerwa imakalamba msanga. Chitseko chachitsulo chimapindika, njerwa zimang'aluka, chumuni chimadyeka ndi dzimbiri, ndipo zikatero yasanduka dzenje lokhala ndi denga. Pomanga pamapezeka wothandiza. Pokonza pamakhala zii. Ngati bajeti ya chipatala ilibe kandalama kokonzera chaka ndi chaka, musadzinamize kuti muli ndi ng'anjo.

Maganizo anga ndi akuti kumudzi, kumene malo ndi otakasuka ndipo nyumba zili patali, ng'anjo ya njerwa yosamalidwa bwino ikadali ndi ntchito. Koma pakati pa nyumba za ku Biwi kapena Area 47, kumene chumuni chimathera pa msinkhu wa zenera la mnzako, siyenera kumangidwa n'komwe.

Ng'anjo ya dizilo

Iyi ndi ya zipatala zazikulu. Imayatsa moto ndi dizilo m'zipinda zonse ziwiri, imasonyeza kutentha pa kachipangizo, ndipo yabwino imasunga utsi m'chipinda chachiwiri kwa masekondi awiri pa madigiri 850 kapena kuposa. Imameza pafupifupi zonse: ziwalo zochotsedwa ku fiyeta, zopatsa matenda, masingano, ngakhale mankhwala ena otha mphamvu. Mulu waukulu umatsala phulusa lochepa. Pa kuthekera kwake palibe njira ina yoposa iyi.

Koma imadya zinthu ziwiri zimene Lilongwe adaziona zikusowa. Ngakhale imatchedwa ya dizilo, mafani ndi zoyatsira zake zimayendera magetsi, choncho ESCOM ikathimitsa muyenera kuyatsa jenereta, dizilo winanso. Mizere ya pamapampu kuyambira 2022 tonse tikuikumbukira, ndipo dizilo akachepa pachipatala, ambulansi ndi jenereta ya ku fiyeta ndizo zimatsogola. Palibe angatsutse zimenezo, koma majumbo achikasu amakhala akuunjikana kuseri. Zipangizo zosinthira zimachokera kunja, ndipo kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako 44 peresenti mu Novembala 2023. Kachitsulo koyezera kutentha kakafa, makina onse amatha kuima miyezi podikira ndalama zakunja.

Apa ndi pamene kusiyanitsa zinyalala kumaonekera m'thumba. Kuwotcha nsima yotsala ndi makoko a nzimbe pogwiritsa ntchito dizilo wogula ndi madola ndi kutaya ndalama koonekeratu. Ndipo pogula, funsani wogulitsa malita angati pa kilogalamu, ndani adzakonza makinawo ndipo amakhala kuti, komanso ngati ali ndi zosefera utsi. Ng'anjo yopanda zosefera imachepetsa poizoni poyerekeza ndi ya njerwa, koma siimuthetsa.

Zina siziyenera kulowa m'ng'anjo iliyonse: zitini za mpweya monga mapampu a mphumu zimaphulika, mabatire amasiya zitsulo zapoizoni m'phulusa, ndipo timabotolo tagalasi ta katemera timathetheka kapena kusungunuka n'kutseka mipata yolowera mpweya.

Kuphika ndi nthunzi

Autoclave anamwino amaidziwa kale, chifukwa ndi imene imaphika zipangizo za ku fiyeta. Ya zinyalala imagwira ntchito chimodzimodzi koma iyenera kukhala yapayokha. Nthunzi yopanikizidwa imafika madigiri 121 kwa mphindi zosachepera 30, kapena 134 kwa nthawi yocheperapo, ndipo tizilombo timafa popanda utsi uliwonse. Kwa chipatala cha pakati pa tauni uwu ndi mwayi waukulu. Pulojekiti ina yotsogozedwa ndi UNDP, nthambi ya zachitukuko ya bungwe la United Nations, idaika makina otere m'zipatala za ku Ghana, Madagascar, Tanzania ndi Zambia, ndiye wofuna kuona mmene amagwirira ntchito m'dziko lofanana ndi lathu angodutsa pa Mchinji.

Zofooka zake zilipo zingapo ndipo si zazing'ono. Imafuna magetsi amphamvu osadukiza. Akathima pakati, mumayambiranso. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko lidataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo autoclave m'miyezi imeneyo ikadadalira jenereta. Sola yoyatsa magetsi a m'wodi ndi firiji ya katemera singaikwanitse. Imafunanso madzi oyera nthawi zonse. Nsengwa ndi ziwalo sizilowamo, mankhwala ndi zamadzimadzi za mu labotale sizilowamonso, choncho autoclave payokha siimaliza ntchito. Ndipo muyenera kumaiyeza ndi timachubu ta tizilombo tovuta kufa kuti mutsimikize kuti ikuphadi, chifukwa jumbo lophika bwino ndi lophika mwachinyengo amaoneka mofanana.

Chimene ambiri amaiwala ndi chakuti zotuluka mu autoclave zikadali zinyalala. Singano yophika imabayabe. Zikapita kumtaya wa ku Area 38, kumene anthu amatola mabotolo ndi zitsulo ndi manja, sirinji yooneka yathunthu ikhoza kubwerera mumzinda. Ndiye autoclave iyenera kuyenda ndi makina ophwanya, ndipo amenewa ndi amene amafa msanga, makamaka wina akaponyamo chitsulo cha ku fiyeta. Zikaphwanyidwa bwino, pulasitiki ya masirinji ikhoza kugulitsidwa kwa opanga zinthu zina.

Pa masingano pomwepa ndipatukeko pang'ono. Munthu akabayidwa ndi singano imene idagwiritsidwa ntchito pa wodwala amene ali ndi matendawo, WHO imati mwayi wotenga matenda a chiwindi a hepatitis B ndi 30 peresenti, hepatitis C 1.8 peresenti, ndipo HIV 0.3 peresenti. Ambiri amaopa HIV yokha, pamene hepatitis B ndiyo yosavuta kutenga kuwirikiza ka 100, ndipo ili ndi katemera. Amayi okolopa m'mawodi ndi abambo a ku ng'anjo ayenera kulandira katemerayu pamodzi ndi madokotala, kaya mwasankha makina anji.

Maenje

Chipatala chilichonse chimene amayi amaberekerapo chimafuna dzenje la nsengwa: lomangidwa m'mbali, lokhala ndi silabu, paipi yotulutsa mpweya ndi chivindikiro chokhoma. Loko si wa agalu okha. Nsengwa kwathu kuno anthu amaiopera zambiri, ndipo mayi akadziwa kuti yake ili pokhoma mtima umakhala m'malo. Amene ali ndi ng'anjo amafunanso dzenje lina la phulusa, lovindikira, chifukwa phulusa limasunga poizoni ndi masingano osapsa. Lisathiridwe m'munda kapena kukwirira maenje a mumsewu. Masingano mukhozanso kuwaika mumgolo mpaka magawo atatu mwa anayi, kuthiramo simenti yosakaniza ndi mchenga, n'kukwirira ikauma. Njirayi n'njotchipa ndipo siifuna magetsi kapena dizilo.

Malire a maenje ndi madzi a pansi. Dzenje liyenera kutalikirana ndi chitsime kapena mjigo mamita osachepera 50, ndipo pansi pake pakhale pafupifupi mamita awiri pamwamba pa madzi. Dzenje lokumba mu Okutobala likhoza kuoneka louma, koma mu Febuluwale madzi akwera. M'madera monga Mtandire, Chinsapo ndi Kauma, kumene mabanja ena amatunga m'zitsime zosazama, kukwirira zopatsa matenda zosaphika ndi kuthira matenda m'ndowa za anthu.

Kusonkhanitsa malo amodzi

Mumzinda, njira imene ndikuikonda kwambiri si makina koma dongosolo. Kuchokera ku Kamuzu Central kupita ku Bwaila, Kawale, Area 18 kapena Likuni ndi mitunda yochepa. M'malo moti kachipatala kalikonse kazifuka utsi wake, galimoto yotseka yonyamula zinyalala zokha ingathe kuzungulira n'kukatula pamalo amodzi kapena awiri okhala ndi autoclave ya zopatsa matenda ndi masingano, ndi ng'anjo yotentha kwambiri ya zotsalazo. Makina aakulu odzaza amadya mafuta ochepa pa kilogalamu kusiyana ndi ang'onoang'ono oyatsa n'kuzimitsa, mmisiri mmodzi waluso amakwanira, ndipo bungwe la boma loteteza zachilengedwe la MEPA, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la zachilengedwe la 2017, lingathe kuyendera chumuni chimodzi mosavuta kusiyana ndi makumimakumi.

Choopsa chake n'chakuti malo amodziwo akaima, mzinda wonse waima. Pafunika makina achiwiri kapena mgwirizano ndi chipatala china, cha boma kapena cha CHAM, bungwe la zipatala za mishoni. Nthawi nayonso ndi yochepa: m'maiko otentha WHO imalola kusunga zopatsa matenda maola 48 m'nyengo yozizira ndi maola 24 m'nyengo yotentha, pokhapokha pali chipinda chozizira. Galimoto yobwera kamodzi pasabata mu Okutobala siikwanira. Kulipira pa kilogalamu kumalimbikitsa kusiyanitsa zinyalala, koma kumabweretsanso mayesero otaya majumbo usiku m'mphepete mwa Lingadzi. Choncho wonyamula akhale ndi chiphaso, ndipo pepala losainidwa potenga lifanane ndi losainidwa potula.

Kwa zipatala za kumidzi kupyola Kabudula kapena Mitundu, galimoto ya tsiku ndi tsiku ndi maloto, makamaka m'dzinja. Kumeneko zonyowa ndi zowola zithere pomwepo, m'ng'anjo ya njerwa ndi m'maenje, koma mabokosi a masingano otseka bwino ndi mankhwala otha mphamvu akhoza kudikira m'chipinda chokhoma mpaka galimoto ya boma itabwera.

Zimene njira zonsezi sizitha

Mankhwala otha mphamvu sawotchedwa mwakachetechete kuseri. Kuwaononga kuli ndi ndondomeko yake yoyang'aniridwa ndi bungwe la boma loona za mankhwala la PMRA, ndipo cholinga china n'chakuti asakapezeke pamsika. Mankhwala a khansa amafuna moto wa madigiri pafupifupi 1,200, ndipo zipangizo za cheza zothandizira odwala khansa zili pansi pa bungwe la boma loona za mphamvu za nyukiliya la AERA, ndipo mwachizolowezi zimabwezedwa kwa amene adazigulitsa.

Ma labotale ali ndi vuto limene lakula pamodzi ndi kuyeza kuchuluka kwa HIV m'magazi. Madzi ena oyezera ali ndi mankhwala otchedwa guanidine thiocyanate. Wogwira ntchito wozolowera kuthira kolorini pa chilichonse akawathira pamenepa, pamatuluka mpweya wa cyanide. Madziwa sathiridwa m'sinki, sasakanizidwa ndi kolorini, ndipo amafuna ng'anjo yofika madigiri 1,000. Ya njerwa siingayese n'komwe.

Kwatsala mercury, kachitsulo kamadzi konyezimira ka m'mathemomita agalasi ndi m'makina akale oyezera BP. Pangano la maiko lokhudza mercury la Minamata la 2013 lidaika 2020 ngati chaka chosiya kupanga ndi kugulitsa kunja zipangizozi, koma zakale zikadali m'madilowa. Mercury ikalowa m'ng'anjo imauluka ndi utsi, ikalowa mu autoclave imaipitsa makina onse. Themomita ikasweka musasese ndi tsache: tsegulani mazenera, valani magolovesi, sonkhanitsani timadontho ndi kakatoni kolimba, ikani m'botolo lotseka bwino, lembanipo, ndipo lisungidwe pokhoma mpaka a zachilengedwe atanena kokalitula.